Mawu a Katekisiti: Kodi Mtengo wa M'phiri Uli ndi Mwini?



Lamulungu lapitalo, titatuluka m'tchalitchi, bambo wina wachikulire, amene wakhala akucheka matabwa chiyambire unyamata wake, anandikokera pambali nati, "Aphunzitsi, mundiuze zoona. Ndikadula mtengo m'phiri usiku, kodi limenelo ndi tchimo loti ndikaulule kwa bambo mfumu? Nkhuku ili ndi mwini, mbuzi ili ndi mwini, nanga mtengo wa m'phiri anaubzala ndani?" Ndinawayankha mwachidule, pakuti ana a katekisimu anali kundidikira, koma funso lawo landitsata sabata yonse, ndipo popeza m'mabanja ambiri a kuno nsima imachokera ku macheka, ndaganiza kuti ndiliyankhe pano pamaso pa nonse.

Tiyambe ndi mtengo umene bambowa anali kunena, ndiwo mkungudza. Mulungu anaupatsa phiri lathu la Mulanje lokha. Kulibe kwina pa dziko lonse kumene unamera wokha. Umakonda pamwamba pozizira, ku Chambe, ku Lichenya, ku Thuchila ndi ku Sombani, kumene nkhungu imagona. Thabwa lake limanunkhira, chiswe chimaliopa, ndipo siliwola msanga ngakhale m'madzi. Nchifukwa chake anthu analifuna pomanga madenga, zitseko ndi mabwato. Mzungu wina wodziwa za zomera, Alexander Whyte, anakwera phirili m'chaka cha 1891, ndipo akatswiri anautcha mtengowo Widdringtonia whytei pokumbukira dzina lake. Mu 1927 boma la atsamunda linaika phiri kukhala nkhalango yotetezedwa, ndipo mu 1984 mkungudza unalengezedwa kukhala mtengo wa fuko la Malawi.

Ntchito ya ocheka ndimaidziwa, ndipo sindiinyoza. Amuna awiri amakumba dzenje, nagoneka chipika pamwamba pake, wina naima pamwamba wina pansi, utuchi uli kumgwera m'maso, nakoka sowo kuyambira m'mawa kufikira dzuwa litapendeka. Anyamata amasenza matabwawo pa nkhata, natsika nawo pa miyala yoterera mpaka ku Likhubula. Thukuta limenelo ndi loona, ndipo Yosefe Woyera, amene analera Ambuye athu ndi ntchito ya matabwa, sangachite nalo manyazi. Choipa chinalowa pena. Kale a boma ankapereka chilolezo chocheka mikungudza yakufa yokha. Tsono ena, pofuna kuti lamulo liwakomere, ankasenda khungwa la mtengo wamoyo kuzungulira thunthu, kapena kuutentha patsinde, nabwerako utauma, nanena kuti anaupeza wakufa. Pa pepala analibe mlandu. Koma Mulungu amene anaona nkhwangwa ikusenda khungwa sanawerenge pepalalo.

Taonani zimene zinatsatira. Mkungudza ukadulidwa kapena kupsa suphukiranso pachitsa monga amachitira bulugamu. Umadalira mbewu yokha, ndipo kambande kake kamafa ndi moto umodzi wa alenje. Pamene akatswiri anayenda m'phiri m'chaka cha 2017 kuwerenga mitengo ikuluikulu yobala mbewu, anapeza 7 yokha. Mu 2019 mayiko a m'pangano la CITES anaulemba pa mndandanda wa zomera zimene malonda ake a kunja ayenera kuyang'aniridwa. Makolo athu analandira nkhalango, ndipo ife tili pafupi kusiyira ana athu dzina lokha ndi tibokosi tonunkhira togulitsa kwa alendo.

Tsono ndibwerere ku funso la bambo aja. Inde, mtengo wa m'phiri uli ndi mwini. Mwini wake woyamba ndiye Mlengi, amene anaika munthu m'munda kuti aulime ndi kuusunga. Eni ake achiwiri ndiwo onse akumwa madzi a Ruo, Likhubula, Lichenya ndi Thuchila, pakuti mizu ya mitengo ndiyo imagwira nthaka ndi kusunga mvula kuti itsike pang'onopang'ono. Eni ake achitatu sanabadwe, ndipo sangathe kupita kwa amfumu kukadandaula. Katekisimu wa Eklezia amaika kulemekeza zolengedwa pansi pa lamulo lachisanu ndi chiwiri, lomwe lija loletsa kuba, ndipo malemu Papa Fransisko anatikumbutsa zomwezi m'kalata yawo Laudato Si' ya mu 2015. Ife a kuno sitisowa wotiphunzitsa ndi mawu ambiri: tinaona m'mwezi wa Malichi 2023, pa namondwe Freddy, matope ndi miyala zikutsika m'phiri ndi kukwirira nyumba za abale athu kuno ndi ku Phalombe. Mvula ija inali yoposa muyeso, ndipo sindikuloza chala munthu aliyense. Komabe phiri lovulidwa silingagwire madzi monga phiri lovala.

Lamulo la dziko likugwirizana ndi chikumbumtima pa nkhani imeneyi. Lamulo la Nkhalango la 1997, limene Nyumba ya Malamulo inalikhwimitsa mu 2020, limaletsa kudula mtengo, kuotcha makala kapena kuyatsa moto m'nkhalango yotetezedwa popanda chilolezo cha Dipatimenti ya Nkhalango. Wopezeka wolakwa angathe kulipitsidwa, kumangidwa, ndi kulandidwa matabwa pamodzi ndi zipangizo zake. Ndipo ndinene poyera: wopereka kangachepe kuti mlonda atseke maso, ndi mlonda wolandira, onse awiri achimwa; ndiponso wogula thabwa lotsika mtengo usiku, akudziwa kumene lachokera, wagwirako nkhwangwa.

Wina adzati, "Aphunzitsi, mwatiletsa, nanga ana athu adya chiyani?" Funso limeneli ndi lolungama, ndipo yankho lake lili m'manja omwewo odziwa mitengo. Kuyambira mu 2016 bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust, pamodzi ndi a Nkhalango ndi anzawo a kunja, linathandiza midzi yozungulira phiri kutsegula manazale a mkungudza, ndipo mabanja analandira ndalama pogulitsa mbande zokabzala pamwamba. Nazale ndi malonda amene banja losauka lingayambe: pafunika malo a mthunzi pafupi ndi madzi, machubu, dothi losakaniza ndi mchenga ndi manyowa, ndi munthu wosaiwala kuthirira. Fesani m'chilimwe kuti mbande zikhale zokonzeka pamene nyengo yobzala mitengo iyamba mu Disembala. Mbewu ya mbawa musaisunge nthawi yaitali, pakuti imataya mphamvu msanga. Onjezani mapeyala ndi mango omezanitsa, amene anthu amagula mosanyinyirika. Ndipo gulani kope, mulembe chimene chatuluka ndi chimene chalowa. Ambiri malonda awo afa chifukwa anadya mpamba akuyesa ndi phindu.

Kwa inu ocheka, ntchito yoyera ilipo. Gulani mitengo kwa amene anabzala okha paini kapena bulugamu, ndipo musananyamule matabwa pitani ku ofesi ya Nkhalango mukatenge chikalata choyenera. Mukaitanidwa kugwetsa mtengo pafupi ndi nyumba kapena sukulu, gwirizanani za malipiro poyamba pamaso pa mboni, mangani chingwe, sepani mbali imene mufuna ugwere, ndipo chotsani ana. Ngati nthambi zili pa mawaya a magetsi, musakwere. Itanani a ESCOM. Potengulira, yambani kucheka nthambi pansi pake kuti khungwa lisang'ambike, chifukwa chilonda cha mtengo ndicho khomo la chiswe. Mmisiri wotere anthu amamuitananso, ndipo amagona tulo osamvera mapazi panja.

Chotsala ndi kubweza. Tonse tinaphunzira kuti wakuba akalapa ayenera kubweza chimene anatenga. Bambo aja anandifunsa, "Nanga mtengo wa zaka 100 ndiubweza bwanji, ine wotsala pang'ono?" Ndinati, "Bambo, simudzauona utakula, monga momwe simunaone umene munadula uli kambande. Bzalani, mulambule udzu pozungulira kuti moto usafike, ndipo mutenge mdzukulu wanu akaone pamene mwabzala." M'mera mpoyamba. Anandilonjeza kuti Loweruka adzapita kukalapa, ndipo Lolemba tidzapitira limodzi ku ofesi ya Nkhalango kukafunsa za mbewu.

Ndipempha mphakati uliwonse kuti pa msonkhano wa mwezi uno musankhe malo a nazale, ndi anthu awiri oyang'anira kuthirira. Amene ali ndi machubu akale awabweretse ku tchalitchi Lamulungu likudzali. Yosefe Woyera, mmisiri wolungama, atipempherere ife ndi ntchito za manja athu.

Ndine wanu mwa Khristu,
Katekisiti