Njanji inatilambalala, koma mbiri yake ndi yathu

Anzanga alimi, kuno kwa Mponda sitinamvepo kulira kwa sitima ya pamtunda. Njanji itafika ku Blantyre m'chaka cha 1908, inkayembekezeka kudzafika ku Fort Johnston, komwe lero ndi pa boma la Mangochi. Koma atsamunda ataipitiriza mu 1935, anaidutsitsa ku Balaka, Golomoti ndi Chipoka mpaka ku Salima. Ya ku Nacala nayo, yomwe inatsegulidwa mu 1970, inangodzera ku Liwonde.

Ena anganene kuti nanga ife zikutikhudza bwanji? Ine ndikuti zikutikhudza kwambiri. Agogo anga ankasimba za ulendo wapansi wopita ku Balaka kukakwera sitima pokafuna ntchito ku Halale. Ankatinso thonje la m'madera muno linkakwera njanji yomweyo. Ngakhale sitima ya Ilala, yomwe inalumikizidwa ku Monkey Bay n'kuyamba kuyenda mu 1951, inali m'manja mwa kampani ya njanji, ndipo katundu wa panyanja ankakumana ndi mabogi pa doko la Chipoka.

Agogowo anatisiya ndisanalembe ngakhale mzere umodzi, ndipo mpaka lero zimandiwawa. N'chifukwa chake ndinapita ku Chipoka kukadzionera ndekha. Ndinapeza zitsulo zachita dzimbiri, mbuzi zikudya udzu pomwe kale pankaima mabogi. Mkulu wina amene anagwirako ntchito anandiloza pomwe ankasanja matumba, koma anyamata amene tinali nawo ankangoseka, kumayesa nthano.

Chimene chikundidetsa nkhawa n'chakuti enafe timagula zitsulo za njanji kwa akuba kuti tisulire makasu kapena tikonzere ngolo. Khasu lotere limaoneka lotchipa, koma timalipira kawiri. Fetereza amene timathira m'munda amachokera kunja, kudzera ku madoko a Nacala ndi Beira. Akabwera pa malole, mtengo wa mafuta ndi matayala umagwera pa thumba limene mlimi amagula. Sitima imodzi imasenza katundu wa malole ambirimbiri. Wozula chitsulo cha njanji ndiye kuti akuzula chimanga m'munda mwathu.

Tsono ndikupempha zinthu zitatu. Choyamba, tikane kugula zitsulo za njanji. Chachiwiri, m'makalabu athu a ulimi tiwaitane akuluakulu amene anakwerapo sitimazi, ana asukulu alembe zimene akunena, tikazisungitse ku nyumba ya zinthu zakale ya pa boma paja. Chachitatu, tiwafunse aphungu athu chifukwa chimene fetereza wathu sangamatsikire pafupi, ku Liwonde kapena ku Balaka.

Paja mawu a akulu akoma akagonera. Koma akuluwo akapita tisanawafunse, sipadzakhalanso mawu oti agonere.