Tisanatukwane oyimbira, tidziwe kaye malamulo

Tsiku lina ndinakaonera basiketibolo pasukulu ina ya sekondale kuno ku Mzimba, koma masewerowo sanathe. Mnyamata wina anaponda mzere mpira uli m'manja, oyimbira n'kuliza wezulo, basi ochemerera tonse tinakhamukira m'bwalo. Inenso ndinakuwa nawo kuti "wadya banzi ameneyo!" M'mawa mwake mphunzitsi wina atandionetsa buku la malamulo ndinagwidwa manyazi. Oyimbira uja sanalakwe.

Vuto lathu, abale anzanga, n'loti timaweruza basiketibolo ndi malamulo a masewero ena. Ku mpira wa miyendo, mpira umatuluka ukadutsa mzere wonse. Ku ntchemberembaye, mzere ndi mbali ya bwalo. Koma malamulo a FIBA, bungwe loyendetsa basiketibolo padziko lonse lomwe linakhazikitsidwa mu 1932, akuti mzerewo ndi kunja. Mpira ukagunda mzere, kapena woutenga akaponda mzere, watuluka, ndipo umapita ku timu yomwe sinaukhudze komaliza. Koma ukakhala m'malere, ngakhale wadutsa mzere, sunatuluke. Munthu atha kudumpha kuchokera m'kati n'kuubweza asanatere.

Nanga za faulo? Ambiri timaganiza kuti anthu akagundana wolakwa ndi wotchinga basi. Ayi ndithu. Wotchinga akafika pamalo moyambirira, mapazi onse ali pansi, atayang'anizana ndi mdani wake, malowo ndi ake, ndipo womugunda pachifuwa ndiye wolakwa. Koma wotchingayo akafika mochedwa, akatchinga ndi chiuno, akakoka jezi kapena kumenya mkono, faulo ndi yake. Ukapanga mafaulo 5 umatuluka. Zoti 6 zija n'za ku NBA ku America.

Mwina mukuti n'zazing'ono. Koma taganizani za ana ochokera ku Embangweni kapena ku Jenda, makolo atasonkha ndalama ya matola, n'kubwerera osamaliza masewero chifukwa cha umbuli wa ife akuluakulu. Kodi mawa ndani adzavomere kugwira wezulo?

Pempho langa kwa a BASMAL n'loti maphunziro a oyimbira azifikanso kumaboma ngati kuno. Inunso ana a sukulu, malamulowa ali pa intaneti ulere, kawerengeni. Ndipo ife amalonda amene timatseka maokala kukachemerera, tizifunsa tisanakuwe. Paja safunsa anadya phula.