Foni tawapatsa, manje tiwaphunzitse kujambula

Minibasi ikangogundana pa Great East Road, ciyamba kutuluka m'matumba ni foni. Wovulala akali gone pansi, cithunzi cake cafika kale pa Facebook, amai ake kumudzi n'kumvera kwa anthu. Uku si kujambula, abale, ni kucotsa munthu ulemu.

Koma foni imodzimodziyo ingagwire nchito yabwino. Pa 16 June 1976, Sam Nzima anajambula Hector Pieterson atanyamulidwa ku Soweto. Naco cinali cithunzi ca imfa, koma cinafunsa funso lomwe boma la tsankho linalephera kuthawa: waombera mwana ndani? M'zaka za m'ma 1990, Caroline Wang ndi Mary Ann Burris anapatsa makamera azimai a kumidzi ya Yunnan ku China kuti ajambule umoyo wao, kenaka zithunzizo n'kuzionetsa kwa akuluakulu a boma. Njirayi amaicha photovoice.

Ambiri muli m'basi muno ndinu a kum'mawa. Foni ikakalamba mutumiza kwa mphwanu kwa Mlolo, ku Chadiza. Nanga mumuuza kuti azijambula ciani? Mjigo ukafa, mlatho ukakokoloka na mvula, ana akamakhala pansi m'kalasi, kalata ya dandaulo itha kugona m'ofesi mwezi wathunthu. Cithunzi cokhala na tsiku na dzina la malo n'covuta kucikana.

Ndalama zophunzitsira zilipo. CDF inakwera kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022, ndipo mbali ina ni ya maphunziro a luso kwa acinyamata. Tipempha khonsolo ya Chadiza na makomiti a m'mawodi kuti kujambula nako akuike pamndandanda, pafupi na kusoka na ukalipentala.

Maphunzirowo asakhale a kudina batani cabe. Mwana aphunzire kupempha cilolezo asanajambule munthu, kubisa nkhope za ana na odwala, kulemba zoona pansi pa cithunzi, na kupita naco kwa a nduna, a Mfumu Mlolo kapena a khansala cisanafike pa intaneti. Akabwerako, adzajambulenso pakapita miyezi itatu, tione ngati cakonzedwa.

Na ise a mu Lusaka tisadzione anzeru. Kolera ya 2024 isanadzaze odwala mu National Heroes Stadium, ngalande zotsekeka tinali kuzilumpha tsiku na tsiku, foni ili m'manja. Mukaseluka pa Kulima Tower lero, yang'anani pansi.