Kanyali ka Gatsby ndi minda yathu ya tiyi

Anzanga, buku la The Great Gatsby, lomwe F. Scott Fitzgerald anatulutsa mu 1925, nkhani yake ndi ya ku New York, koma ine ndimati likunena ife.

Gatsby anali mnyamata wosauka amene anakonda Daisy. Daisy anakwatiwa ndi mpondamatiki, Tom Buchanan. Gatsby anasaka chuma mwachinyengo, n'kugula chinyumba kutsidya moyang'anizana ndi kwa Daisy. Usiku ankangoti maso dwii pa kanyali kobiriwira ka pagombe la kwa Daisy, ngati chuma ndi chikondi zonse zili pamenepo.

Ife a ku Thyolo kubiriwira timakudziwa. Mlendo akaona minda ya tiyi ali pa msewu amati, "Koma ndiye kukongola!" Kafunseni mayi amene waswera dengu lili kumsana, akuuzani zina. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Gatsby ankakonda Daisy wa m'mutu mwake. Daisy weniweni analira ataona malaya ake odula, koma zitavuta anatsalira kwa Tom. Ngakhale kumaliro a Gatsby sanapondeko.

Ndiye iwe chemwali wofuna kusiya Fomu 3 chifukwa cha bambo wagalimoto, nawe aise woganiza zothawira ku Joni kuti akukonde, dikira kaye. MSCE yako ukaitaya, adzakubwezera ndani?