Chitukuko sichiyezedwa pa tsiku lodula riboni

Pa 23 Okutobala 2010, mtsogoleri wa dziko lino panthawiyo, Bingu wa Mutharika, anatsegulira doko la Nsanje pamaso pa alendo ake, Robert Mugabe wa ku Zimbabwe ndi Rupiah Banda wa ku Zambia. Konkire inali itauma ndipo malo okochezapo sitima anali okonzeka. Cholinga chake chinali chomveka kwa aliyense amene amadziwa mtengo wa thumba la feteleza: katundu azidutsa mu Shire, kulowa mu Zambezi, mpaka kukafika ku Chinde pa nyanja ya mchere, kuti tichepetse ndalama zomwe timataya pa malole ochokera ku Beira, Durban ndi Dar es Salaam. Koma bwato la feteleza lomwe limayembekezeka tsikulo silinafike. Akuluakulu a ku Mozambique analigwira m'njira, ponena kuti kafukufuku wa kayendedwe ka sitima m'mitsinjeyi komanso wa zachilengedwe anali asanachitike. Dokolo silinakhale njira ya malonda yomwe tinalonjezedwa.

Mukafunsa anthu amene anathira konkire ija, adzakuuzani kuti ntchito anaigwira, ndipo sakunama. Mukafunsa mlimi wa ku Tengani kapena wamalonda wa ku Limbe, adzakuuzani kuti palibe chomwe chinasintha pa moyo wake, nayenso sakunama. Pakati pa mayankho awiriwa pali funso lomwe ife Amalawi sitikonda kulifunsa: kodi tikamati ntchito yomanga yayenda bwino, timakhala tikuyeza chiyani?

Akatswiri a zomangamanga ali ndi miyeso itatu yomwe amaphunzira akangolowa m'kalasi: nthawi, ndalama ndi ubwino wa ntchito. Injiniya wa ku Britain, Martin Barnes, ndi amene amadziwika kuti anaiika pamodzi miyesoyi mu 1969, n'kuonetsa kuti ukakoka umodzi, iwiri inayo imasuntha. Ukafuna ntchito ithe msanga, konzeka kulipira zambiri kapena kulandira zosalimba. Ukafinya ndalama, nthawi italika kapena simenti ichepa. Ndi miyeso yabwino, ndipo tikanaitsatira mokhulupirika tikanapulumutsa ndalama zankhaninkhani. Vuto lake n'lakuti yonse itatu imathera pa tsiku lomwe kontilakitala akupereka makiyi. Siinena kanthu za mawa.

Dziko la Australia lili ndi chitsanzo chomwe chimaonetsa mbali ina ya nkhaniyi. Nyumba ya zisudzo ndi zoimbaimba ya Sydney Opera House inayamba kumangidwa mu 1959, mapulani ake asanathe n'komwe, chifukwa andale ankafuna kuti ntchito ioneke kuti yayamba. Inkayembekezeka kutha mu 1963 pa ndalama zokwana madola 7 miliyoni a dzikolo. Inatha mu 1973, itadya madola 102 miliyoni. Mmisiri amene anaijambula, Jørn Utzon wa ku Denmark, anachoka pa ntchitoyo mu 1966 atasemphana ndi boma. Pa muyeso wa nthawi ndi wa ndalama, ntchitoyi inalephera moonekeratu. Komabe lero nyumbayo ndi chizindikiro cha dziko lonse la Australia, imakoka alendo miyandamiyanda chaka chilichonse, ndipo mu 2007 bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa malo ofunika kwambiri padziko lapansi.

Ndisamvedwe molakwa. Nkhani ya ku Sydney si chilolezo choti makontilakitala athu azichedwetsa ntchito ndi kukweza mitengo. Anthu a ku Australia analipira zambiri chifukwa chothamangira kukumba maziko mapulani asanapse, ndipo dziko losauka ngati lathu silingapirire kulakwitsa kotere. Phunziro lake ndi lina: pali muyeso wachinayi umene umaposa itatu ija. Kodi chomwe tamangacho chikugwira ntchito yomwe tinachimangira, kwa anthu omwe tinawamangira, ndipo chidzaigwirabe zaka zikubwerazi? Ku Sydney yankho ndi inde, ngakhale kuti anachedwa. Ku Nsanje yankho ndi ayi, ngakhale kuti riboni inadulidwa.

Muyeso wachinayiwu ndi womwe munthu wamba amaudziwa bwino kuposa wina aliyense. Mayi woyembekezera amadziwa ngati chipatala chatsopano cha m'dera mwake chili ndi madzi, magetsi ndi nyumba ya namwino, kapena ngati ndi makoma opaka penti okha. Mphunzitsi amadziwa ngati denga la buloko yatsopano lidzapirira mphepo ya mu Novembala. Woyendetsa minibasi amadziwa pomwe phula layamba kusweka mvula yoyamba isanathe. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ambiri mwa malipoti omwe amapita ku likulu amafotokoza za kunja kwa mkuyuwo.

Tsono chomwe ndikufuna kutsindika sabata ino n'chakuti zotsatira za ntchito yomanga zimadziwika kale njerwa yoyamba isanayalidwe. Zimakhazikika m'chipinda momwe akuluakulu amasankha njira yopezera womanga. Mmene mwagulira ndi mmene mudzalandirire.

Njira yomwe tinaizolowera m'boma ndi m'makhonsolo ndi yoti mwini ntchito amalemba akatswiri ojambula mapulani, kenako amalengeza tenda m'nyuzipepala, makontilakitala n'kupikisana pa mtengo. Ubwino wake ndi woonekeratu: aliyense amapikisana pa chinthu chimodzimodzi, ndipo n'kosavuta kuona ngati wina wakonderedwa. Malamulo athu, omwe amayang'aniridwa ndi bungwe la PPDA lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2017, amaika mpikisano wapoyera patsogolo pa njira zina zonse, ndipo izi n'zoyenera. Koma mfundo yake siyakuti ntchito ipite kwa wotsika mtengo basi. Iyenera kupita kwa wotsika mtengo mwa iwo amene aunikidwa n'kupezeka kuti akukwaniritsa zofunika zonse: zipangizo, akatswiri, mbiri ya ntchito, mphamvu ya ndalama. Mbali yachiwiriyi ndi yomwe imafuna khama ndi kulimba mtima, ndipo ndi yomwe imanyalanyazidwa msanga komiti ikakhala ndi mantha kapena ikakhala ndi munthu wake.

Kontilakitala amene watchula mtengo wotsika kuposa mtengo weniweni wa simenti, zitsulo ndi mafuta alibe matsenga. Ndalama yosowayo adzaipeza penapake. Adzachepetsa simenti mu konkire, adzaika zitsulo zopyapyala, adzathira dothi losatsenderedwa bwino pansi pa msewu, adzachedwetsa malipiro a anyamata onyamula mchenga, kapena adzabwera pakati pa ntchito ndi mulu wa makalata opempha ndalama zowonjezera. Zikakanika zonsezi, adzasiya ntchito pa mawindo n'kuzimitsa foni. Mabuloko a sukulu osatha omwe amera udzu m'kati mwake m'maboma ambiri ndi umboni wa mitengo yomwe inaoneka yokoma pa tsiku lotsegula maenvulopu.

Chilungamo chimafuna kuti tinenenso mbali ya mwini ntchito. Boma likachedwa kulipira kwa miyezi, kontilakitala woona mtima amamira mu ngongole ya ku banki yomwe chiwongoladzanja chake n'chokwera. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Amene anasaina kontrakiti yopanda ndime yosinthira mitengo zinthu zikakwera anadzuka m'mawa wina n'kupeza kuti ndalama yomwe anagwirizana singagulenso zitsulo ndi phula zochokera kunja. Kontrakiti yomwe imasenzetsa womanga chiopsezo chomwe sangachilamulire siteteza boma. Imangobereka ntchito yosiyidwa panjira, yomwe mawa tidzailipiranso kachiwiri.

Pali njira ina yoti kampani imodzi ijambule mapulani n'kumanganso. Imafulumira, ndipo zinthu zikalakwika palibe kuloza zala pakati pa wojambula ndi womanga, popeza wolakwa ndi mmodzi. Koma njirayi imafuna mwini ntchito wodziwa chomwe akufuna, wotha kulemba momveka kuti mlatho uzinyamula zolemera bwanji ndipo upirire madzi ochuluka motani. Akalephera kutero, womanga adzajambula chomwe chili chophweka ndi chotsika mtengo kwa iye. Njirayi imapezeka kawirikawiri pa ntchito za ngongole kapena thandizo lochokera kunja, pomwe wopereka ndalama amabweranso ndi womanga wake. Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe ndi bwalo la zamasewero la Bingu zinamangidwa ndi makampani a ku China ndi ndalama zochokera komweko, ndipo zaima, tikuzigwiritsa ntchito. Funso lomwe tiyenera kumafunsa pa ntchito zotere tisanasaine ndi lakuti: omanga akabwerera kwawo, ndani adzakonza zikepe, mapampu ndi magetsi, zipangizo zosinthira zidzachokera kuti, ndipo ndalama yosamalira nyumbayo chaka ndi chaka ili mu bajeti ya ndani?

Palinso kupereka ntchito kwa kampani imodzi popanda mpikisano. Lamulo limalola izi pa zifukwa zapadera, monga pa ngozi. Namondwe wa Freddy atakokolola milatho kum'mwera mu Malichi 2023, palibe munthu wanzeru akanati tidikire miyezi itatu ya tenda anthu atatsekeredwa kutsidya kwa mtsinje. Koma khomo lotsegulidwira ngozi ndi lomwenso akatangale amalikonda kwambiri. Ntchito yomwe yadziwika kwa zaka zisanu singasanduke ya mwadzidzidzi chifukwa chisankho chayandikira. Nthawi zonse njirayi ikagwiritsidwa ntchito, chifukwa chake ndi mtengo wake ziyenera kulengezedwa poyera.

Sitingaiwale njira yomwe anthu a kumudzi amaidziwa kuyambira masiku a MASAF: mudzi uumba njerwa, ututa mchenga, komiti ya chitukuko iyang'anira, mmisiri wa m'dera amanga. Pa ntchito zazing'ono njirayi ili ndi mphamvu yomwe zinazo zilibe, chifukwa oyang'anira ndi omwewo amene ana awo adzakhale pansi pa dengalo. Imafooka pomwe komiti ilibe mmisiri wa ku khonsolo woithandiza kuwerenga mapulani, kapena pomwe wandale wa m'deralo wasandutsa ndalama za chitukuko kukhala mphatso kwa omutsatira.

Palibe njira imodzi yomwe ili yabwino pa ntchito zonse. Chomwe chimasowa kwa ife ndi kuyamba ndi funso loyenera. Timayamba ndi kufunsa kuti tili ndi ndalama zingati ndipo titsegulira liti, pomwe tikanayamba ndi kulemba kuti pakatha zaka zisanu chinthuchi chizidzachita chiyani. Funso limeneli likanafunsidwa mozama ku Nsanje, mgwirizano ndi Mozambique ndi kafukufuku wa mtsinje zikanatsogola, konkire n'kubwera pambuyo.

Makontrakiti ambiri amapatsa womanga miyezi 12 yoti akonze zolakwika ntchito ikatha, ndipo mwini ntchito amasunga kagawo ka malipiro mpaka nthawiyo itadutsa. Miyezi 12 ndi nyengo imodzi yokha ya mvula. Msewu womangidwa mwachinyengo ukhoza kupirira dzinja limodzi, makamaka chaka cha ng'amba, womanga n'kulandira ndalama zake zonse ndi chiphaso choyamikira. Maenje akamayamba dzinja lachiwiri, iye amakhala ali pa ntchito ina ya boma lomweli, ndipo injiniya amene anasainira kuti zonse zili bwino palibe womufunsa.

Choncho pempho langa kwa PPDA, bungwe lomwe limalembetsa makontilakitala, Roads Authority ndi makhonsolo onse ndi ili. Ntchito iliyonse ya ndalama za misonkho iziunikidwanso patatha zaka zitatu, komanso zisanu, ndi anthu amene sanatenge nawo mbali poimanga, ndipo ogwiritsa ntchito chinthucho azifunsidwa maganizo awo. Zotsatira zake zizilembedwa pa dzina la kontilakitala, la injiniya woyang'anira ndi la ofesi yomwe inapereka ntchitoyo, pamalo pomwe mtolankhani, mfumu ndi khansala angathe kuwerenga. Tenda ina ikatuluka, mbiri imeneyi izilemera pa sikelo limodzi ndi mtengo. Kontilakitala amene misewu yake ili bwinobwino patapita zaka zisanu apatsidwe mwayi woposa amene amangodziwa kulemba manambala aang'ono. Pamenepo kumanga zolimba kudzakhala ndi phindu kwa womanga, osati kwa mwini ntchito yekha.

Nafenso eni misonkho tili ndi gawo lathu. Chikwangwani chomwe chimaikidwa pamalo a ntchito chimatchula womanga, woyang'anira, ndipo nthawi zambiri mtengo ndi tsiku lomaliza. Tizichiwerenga, tizichijambula pa foni, tizisunga. Phungu kapena khansala akabwera kudzawerenga zitukuko zomwe wabweretsa, tisamufunse kuti watsegulira zingati. Timufunse kuti mwa zomwe zinatsegulidwa zaka zisanu zapitazo, ndi zingati zomwe zikugwirabe ntchito lero, ndipo zomwe zinafa, anazimanga ndani, anamusankha bwanji.