Sikelo iyambe kufika, basi ibwere pambuyo

Mwezi wa Novembala ukamapita kumapeto, magulu a Amalawi kuno ku Joni amayamba kusonkha ndalama zochitira hayala basi yopita kumudzi. Mipingo, magulu othandizana pamaliro, anthu ochokera boma limodzi, onse amaona kuti kuyenda ndi anthu owadziwa kuli bwino, ndipo sanama. Pamisonkhano yokonzekera timakambirana mtengo wa mpando, tsiku lonyamuka, ngakhale dzina la amene adzapemphere dalaivala asanalize injini. Nkhani ya katundu yokha ndiyo timati tidzaonera konko.

Konkoko timakudziwa tonse. Munapangana zonyamuka 8 koloko mmawa, koma dzuwa lafika paliwombo anthu akadali pansi. Wina wabwera ndi firiji, wina matayala anayi, wina zitseko za nyumba imene akumanga, ndipo aliyense akuti analipira mpando ngati mnzake. Kondakitala amayang'ana mulu wa katundu, n'kuyang'ana ngolo, kenako n'kutchula mtengo. Wandalama amapakira. Mayi amene anabwera ndi zikwama ziwiri zokha monga munagwirizana ndiye amauzidwa kuti chimodzi achifungatire pamiyendo, pa ulendo wa makilomita oposa 1,600 wodutsa Beitbridge, Masvingo, Harare, Nyamapanda, Tete ndi Zobue asanaone chipata cha Mwanza.

Sitikunyoza aliyense. Munthu wochokera ku Joni safika pakhomo chimanjamanja, ndipo izi sizinayambe ndi ife. Agogo athu amene anapita kumigodi kudzera ku Wenela ndi TEBA ankabwerako ndi bokosi lachitsulo, mabulangete, njinga kapena wailesi, mudzi wonse n'kusonkhana kudzaona. Lero akudikira ife ndi ana ofuna nsapato za sukulu, amayi ofuna mapoto, alamu amene anatumiza kale uthenga pa WhatsApp wokumbutsa za foni. Munthu wakhala chaka chonse akupinda msana m'munda wa eni kapena m'khitchini mwa eni, ndiye kumuuza kuti china chitsale kumamveka ngati nkhanza. N'chifukwa chake makomiti athu amaopa kuitchula nkhaniyi. Koma tiyenera kuitchula.

Mu Okutobala 2025 basi yochokera ku Eastern Cape, yonyamula Amalawi ndi anzathu a ku Zimbabwe, inagwera kuphedi pa msewu wa N1 m'mapiri a kufupi ndi Louis Trichardt. Anthu oposa 40 anatisiya, ena mwa iwo ana. Ofufuza a boma la South Africa anapeza kuti munali anthu 91 m'basi ya mipando 62, ndiponso kuti mabuleki ena a basiyo ndi a ngolo imene inkakoka sankagwira. Sitibwereza za maliro amenewo pofuna kuopseza anthu. Tikungokumbutsana kuti msewu umene basi yathu ya hayala idzadutse ndi womwewo, mapiri ake ndi omwewo. Pamtsetse, ngolo yolemera imakankha basi kuchokera kumbuyo, mabuleki amatentha n'kuyamba kufooka, ndipo tayala losenza zoposa muyeso wake pa phula lotentha silichedwa kuphulika. Firiji imene yalowa chifukwa mwini wake wapatsira kondakitala kangachepe imakwera pamsana pa anthu onse amene ali m'basimo. Ngakhale mutayenda bwino, m'misewu imeneyi muli masikelo a boma, ndipo basi ikapezeka yolemera mopitirira, chindapusa ndi kuchedwa zimagwera gulu lonse.

Ubwino wa basi ya hayala ndi woti malamulo ake mumapanga ndinu. Choncho komiti isanapereke ndalama yoyamba, ifunse mwini basi kuti m'mabuti a pansi ndi m'ngolo mumaloledwa makilogalamu angati, ndipo yankho lilembedwe m'pangano. Nambalayo igawidwe kwa okwera onse, aliyense adziwe gawo lake kudakali milungu ingapo. Amene ali ndi katundu wochepa akhoza kugulitsa gawo lake lotsala kwa mnzake poyera, mlembi n'kulemba. Mafiriji, mipando ya sofa, malata ndi zina zotere zipite ndi matransipota a malole. Ntchito yawo ndi imeneyo, ndipo gulu likatumiza pamodzi limatha kunenerera mtengo.

Tsiku loyeza katundu lisakhale tsiku lonyamuka. Ambiri a ife timakhala m'tizipinda toti zikwama zitatu zikalowa mwini wake amasowa pogona, ndiye malo osungirapo katundu wa gulu ndi ofunika ndithu: holo ya tchalitchi kapena galaja ya membala, yokhala ndi loko, kiyi n'kusungidwa ndi anthu awiri osakhala pachibale. Katundu afike kutatsala masiku awiri, akwere pasikelo, alembedwe m'kaundula mwini wake akuona, kenako asatsegulidwenso. Ndipo kuti pasakhale kung'ung'udza, chikwama choyamba kuyezedwa chikhale cha wapampando, chachiwiri cha abusa.

Zikwama zikuluzikulu za mizeremizere zija zimafanana zonse, makamaka 2 koloko usiku pachipata anthu ali ndi tulo. Lembani dzina, nambala ya foni ya ku Malawi ndi malo otsikira pa chikwama chenichenicho, osati pa kapepala kokha, ndipo kapepala kena kakhale m'kati. Malo otsikira aliwonse akhale ndi kansalu ka mtundu wake komangirira pa chogwirira: otsika pa Zalewa mtundu wina, a ku Lunzu ndi Blantyre wina, opitirira ku Ntcheu, Lilongwe ndi Mzuzu winanso. Otsika kumapeto katundu wawo ndiye amayamba kulowa. Izi zimaoneka zachibwana mpaka pamene a MRA alamula kuti zonse zitsike pa Mwanza. Popakiranso, anyamata otopa amangoponya chimene chili pafupi, ndipo popanda tinsaluto munthu wa pa Zalewa adzapasulitsa ngolo yonse pofuna chikwama chake chimodzi.

Pachipata pomwepo, amene amachedwetsa anzake kawirikawiri ndi munthu wosadziwa zimene wanyamula. Aliyense akhale ndi mndandanda wa zili m'chikwama chilichonse, malisiti a zinthu zatsopano ali m'manja, ndi ndalama ya msonkho yopatula. Amene akunyamula zogulitsa anene chilungamo kwa komiti pachiyambi, katundu wake aikidwe pafupi ndi chitseko, kuti nkhani yake ndi a kasitomu isagoneke ana a anzake panja.

Tsopano nkhani yovuta kuposa zonse: maphukusi otumizidwa. Mnzanu amene chaka chino sapita amafika madzulo atanyamula kaphukusi kokulungidwa ndi tepi mbali zonse. Akuti, achimwene, mungondinyamulirako aka, mayi akakudikirani pamsewu. Kukana kumavuta, poti mwina ndi yemwe anakulandirani tsiku limene munafika koyamba ku Park Station mulibe pogona. Nyamulani ngati gawo lanu lilola, koma katsegulidwe pamaso panu, muone chilichonse, mumange nokha. Wachilungamo sakwiya nazo zimenezi. Wapolisi wa pa Beitbridge kapena Cuchamano akapeza mankhwala ambirimbiri opanda kalata ya dokotala, kapena china choletsedwa, safunsa amene anamanga phukusi. Amagwira amene lili m'chikwama mwake, ndipo nthawi zina basi yonse imaima. Pamenepa komiti ithandize anthu ake amanyazi poika lamulo loti phukusi losatsegulidwa silikwera, kuti wokana akhale ndi ponamizira.

Za kalongedzedwe amayi ambiri amatiposa nzeru, ndiye tingotchula zochepa. Mafuta ophikira, sopo wamadzi ndi penti zimafinyika pansi pa katundu wa anthu makumi asanu, choncho zimangidwe m'mapulasitiki awiri n'kuikidwa m'ndowa yotseka, kutali ndi shuga ndi zovala. Ku Tete kumatentha moti m'ngolo mumasanduka ng'anjo: majarini ndi chokoleti sizifika. Silinda ya gasi yodzaza, petulo ndi palafini zisakwere n'komwe. Disembala ndi nthawi ya mvula, ndiye wina wa komiti aione ndi maso ake lona yofunditsira ngolo, ndipo matilesi ndi mabulangete zikulungidwe m'pulasitiki. Sola ndi TV ziimirire pakati pa zinthu zofewa, zisagonekedwe pansi.

Chimene simungakhale nacho kutali kwa masiku awiri chisapite kungolo: pasipoti, zikalata za ana, ndalama, foni ndi tchaja, juzi, madzi akumwa, matewera, komanso mankhwala a shuga, a BP kapena ma ARV ali m'mabotolo awo pamodzi ndi kabuku ka kuchipatala. Kachikwama kameneka kakwane pamwamba pa mpando kapena kumapazi. Mpata wa pakati pa mipando ndi njira yothawira pakagwa ngozi, ndipo basi imene njirayo yatsekedwa ndi matumba isanyamuke, kaya wakwiya ndani.

Mu Januwale sikelo idzafunikanso, ulendo uno kumudzi. Basi imene inapita ndi mapoto imabwerako ndi mpunga wa Kilombero, nyemba, ufa, usipa, mabotolo a Sobo ndi Nali, ndipo thumba la mpunga limalemera kuposa la zovala ngakhale lioneke laling'ono. Amayi akamawonjezera mtedza ndi maungu pa mphindi yomaliza simungawaletse, choncho auzeni gawo lanu tsiku lomwe mwafika. Kumbukiraninso kuti pa Beitbridge a Border Management Authority amayang'ana zakudya zochokera ku ziweto ndi kumunda, ndipo zimene zilibe chilolezo amatha kulanda. Komiti ifunse mwini basi ndi akuluakulu a pachipata zimene zikuloledwa nyengo imeneyo anthu asanapite kumsika kukagula nsomba.