Mnyamata Akatha Msinkhu, Amlangize Ndani?

Adzukulu anga, mtsikana akatha msinkhu mudzi umadziwa chochita. Azakhali amaitana anamkungwi, mwambo nkuyambika. Nanga mnyamata? Amadzuka m'mawa napeza kuti watulutsa umuna ali m'tulo, amachapa kabudula mobisa, ndipo womulangiza amakhala mnzake wa kubusa, mbuli inzake. Ichi ndicho chandikwiyitsa lero.

Kale mnyamata wotere ankauza agogo kapena atsibweni, nalandira mwambo. Lero atsibweni ali kutauni, bambo akuti nkhaniyi ndi yolaula, ndipo aphunzitsi ena amadutsa pamutuwu ngati akuponda makala amoto. Ndidawaona ndi maso angawa ndili mphunzitsi wamkulu.

Tsono imvani. Ubongo umatumiza uthenga ku machende kuti ayambe kupanga mbewu ya abambo. Anyamata ambiri zimawayamba ali ndi zaka 13 kapena 14, ena msanga, ena mochedwerapo, ndipo onsewo ndi abwinobwino. Ndevu zimadza pambuyo pake. Ndiye kuti kamnyamata kosalala chibwano, komwe mukukatuma mchere kugolosale, kangathe kupereka pathupi.

Mbewu iliyonse imatenga miyezi yoposa iwiri kuti ikhwime, ndipo imene sidatuluke thupi limaisungunula lokha. Siunjikana ngati madzi m'mtsuko ayi. Choncho amene amauza ana kuti akadziletsa adzadwala msana, adzatuluka ziphuphu kapena kupenga, ndi wabodza, ngakhale akhale ndi imvi ngati ine. Bodza lomweli ndilo limadyetsa khalidwe loipa lija la kusasa fumbi, lotuma ana ochoka kuchinamwali kuti akadziyese ngati akuladi. Ena amati ndi chikhalidwe chathu. Chikhalidwe chanji chotulutsa mwana wa Sitandade 7 m'kalasi ndi mimba kapena kachilombo ka HIV? Mu 2017 aphungu a Nyumba ya Malamulo adasintha malamulo aakulu a dziko lino kuti munthu wosakwana zaka 18 ndi mwana, sangalowe m'banja. Komatu machende sawerenga malamulo. Amafunika munthu wamkulu wokhala pansi ndi mwini wake.

Timakonda kunena kuti safunsa adadya phula. Mwanayo afunse kwa yani, ife titatseka pakamwa? Phulalo tamudyetsa ndife.

Inu atsibweni, mphwanu akayamba kusintha mawu musadikire ndevu. Mutengeni popita kudimba, mumuuze kuti zimene zamuchitikira usiku si matenda, si ufiti, ndipo inunso zidakuchitikirani.